Udzu sudikira kuti misozi iume

Pali chithunzi chimene mayi wina wojambula ndi kamera wa ku South Africa, Jo Ractliffe, anatola ku Angola. Ukachiona koyamba, ndi nkhalango basi: mitengo, udzu m'munsi mwake, kuwala kukudutsa m'nthambi. Munthu mulibe, nyumba mulibe, ngakhale mtundu mulibe poti ndi chithunzi chakuda ndi choyera. Munthu wachangu amangodutsa uku akung'ung'udza kuti, "Nanga apa pali chiyani choti n'kupachika pakhoma?" Koma ukawerenga timawu tili pansi pake, phazi limaima lokha. Nkhalangoyo ili kunja kwa tawuni ya Menongue, mumsewu wopita ku Cuito Cuanavale, ndipo m'nthaka yake anakwiriramo mabomba. Ukakwezanso maso, mitengo ija yasintha ngakhale palibe tsamba lomwe lagwedezeka. Umayamba kudzifunsa ngati kukongola kwakeko sikukuchokera poti palibe amene angalimbe mtima kulowamo ndi nkhwangwa.

Ndayamba ndi chithunzi chimenechi chifukwa ndikufuna kulimbana ndi mawu ena amene amamveka kwambiri anthu akamakamba za luso la mtunduwu. Amati nthaka imakumbukira. Ndi mawu okoma kukhutu, ndipo amatonthoza, chifukwa amatiuza kuti ngakhale ife titatseka pakamwa, mapiri ndi mitsinje zidzatilankhulira. Ine sindiwakhulupirira. Nthaka siikumbukira kanthu. Mvula ikagwa kawiri katatu magazi atsukika, chaka chisanathe udzu waphimba, ndipo umamera mokondwa chimodzimodzi pamene panagona ng'ombe ndi pamene panaphedwa munthu. Inde, madzi saiwala khwawa, koma khwawa limangosunga njira imene madziwo anadzera; silingakuuze dzina la mwana amene anakokoloka nawo. Okumbukira ndi anthu, ndipo anthu amafa, amasamuka, amatopa, ena amachita kuopsezedwa kuti akhale chete. Apa ndi pamene ndimaonera kufunika kwa aluso a masiku ano amene asankha kugwira ntchito ndi malo, nthawi ndi zokumbukira. Amene akuidziwa ntchito yawo sakujambula malo kuti tiwasirire. Akuthamangitsana ndi udzu.

Ractliffe anabadwa mu 1961 ku Cape Town. Mu 2009 ndi 2010 anayenda kumwera kwa Angola pamodzi ndi ena mwa asilikali akale a dziko lake amene anamenyako nkhondo. Anafika ku Cassinga, kumene pa 4 Meyi 1978 asilikali a boma la tsankho anapha anthu a ku Namibia pafupifupi 600, kuphatikizapo amayi ndi ana. Anafikanso ku Cuito Cuanavale, kumene mizinga inalira mu 1987 ndi 1988. Zimene anabwera nazo si zithunzi za mitembo kapena moto. Ndi tchire, maenje obisalamo asilikali akugumukira mkati, manda a anthu ambirimbiri opanda chizindikiro. Wojambula nkhondo wa m'nyuzipepala amafika tsiku lomwelo, utsi ukadali m'mwamba. Mayiyu anafika patapita zaka zoposa makumi awiri, ndipo chimene anajambula ndi kuiwala kwenikweniko kuli mkati mochitika.

William Kentridge, wa ku Johannesburg, nkhani yomweyi anaipezera njira ndi khala m'manja. Kajambulidwe kake n'kosavuta kufotokoza ngakhale n'kotopetsa kuchita. Amapachika chipepala pakhoma n'kujambulapo ndi makala. Abwerera m'mbuyo, atola chithunzi ndi kamera. Abwereranso papepala lomwelo, afufuta pang'ono, aonjezera pang'ono, akatolanso. Akatero kambirimbiri, zithunzizo zikalumikizidwa zimayenda ngati kanema. Chinsinsi chagona pa makalawo, poti safufutika kotheratu. Mbalame ikauluka kudutsa pepala imasiya mzere wa mithunzi yotuwa paliponse pamene yadzera. Dzanja likakwezedwa, malo amene linali poyamba amaonekabe mwachizirezire. Mu ntchito yake ya mu 1994 yotchedwa Felix in Exile, imene anaimaliza dziko lake likuyandikira chisankho choyamba cha anthu a mitundu yonse, muli mitembo itagona pamtetete wa m'dera la migodi. Mphepo imabweretsa manyuzipepala, manyuzipepala aphimba mtembo, kenaka mtembo usanduka kachitunda, mwala, kadziwe. Pakangodutsa kanthawi pamangooneka malo wamba, oti ungadutsepo ukuimba mluzu. Koma popeza ndi makala, mthunzi wa munthu uja umatsalabe papepala. Pepala la Kentridge likuchita zimene nthaka imalephera.

Kentridge sankalimbana ndi udzu wokha. Ankalimbananso ndi ojambula amene anamutsogolera m'dziko lomwelo. Wotchuka mwa iwo ndi J.H. Pierneef, amene pakati pa 1929 ndi 1932 anajambula zithunzi zikuluzikulu 32 zokongoletsera siteshoni ya sitima ya ku Johannesburg. Luso linalipo, zimenezo sindikana: mitambo yosanjikana ngati nyumba zachifumu, mitengo yoima mwaulemu, mapiri abata. Koma ukati ufunefune anthu m'zithunzi zakezo, uvutika. Tsono kumbukirani kuti mu 1913 boma la dzikolo linali litakhazikitsa lamulo la malo limene linasiyira anthu akuda, amene anali ochuluka zedi, magawo pafupifupi 7 okha mwa magawo 100 a dziko lonse. Pamene mabanja ankasenza katundu kuchoka m'minda ya makolo awo, chinsalu cha wojambula chinkaonetsa dziko lopanda mwini, longodikira wodzalitenga. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Sindikunena kuti aliyense wojambula phiri lopanda anthu ali ndi chiwembu mumtima. Ndikunena kuti wojambula malo amasankha amene alowe m'chinsalu ndi amene atsale kunja, ndipo anthu amene azidutsa pa siteshoni tsiku ndi tsiku amazolowera kuona dziko monga mmene wawasankhira.

Amene anabwezera anthu m'chinsalu mwa njira yondigwira mtima kwambiri ndi Sammy Baloji, wobadwira ku Lubumbashi, m'dziko la Congo, mu 1978. Mzinda umenewu unakula chifukwa cha mkuwa. Kampani ya Union Minière du Haut-Katanga, imene inakhazikitsidwa mu 1906 m'nthawi ya atsamunda a ku Belgium, inakumba dera lonselo, ndipo pambuyo pake boma la Mobutu litailanda inadzatchedwa Gécamines. Baloji anakula migodiyo ikupita pansi. Mu ntchito yake yotchedwa Mémoire, ya mu 2006, anajambula mafakitale monga mmene analili pa nthawiyo, m'mitundu yake yeniyeni: zitsulo zadzimbiri, madenga obooka, zimilu zakuda za zotsalira za miyala yosungunula, thambo lobiriwira pamwamba. Ndiye anatenga zithunzi zakale zakuda ndi zoyera za nthawi ya atsamunda, n'kudulamo anthu, n'kuwaimika patsogolo pa mabwinjawo. Ukuona ogwira ntchito atandanda pamzere, akukuyang'ana m'maso. Ukuona mabwana atavala zoyera, ali phee ngati dziko ndi lawo mpaka muyaya. Baloji sabisa msoko. Anthuwo ndi otuwa, malowo ndi amitundu, ndipo diso lako limadziwa kuti ameneyu ndi wakufa waima pamalo a amoyo. Funso limene limabwera lokha ndi lakuti thukuta lonselo linapita kuti. Mbali ina ya yankho ikudziwika: mgodi wa Shinkolobwe, wa kampani yomweyi, ndi umene unapereka yureniyamu yambiri imene America inapangira mabomba ake oyamba a nyukiliya. Chuma chinakwera sitima, dzenje linatsala.

Otobong Nkanga, wobadwira ku Kano ku Nigeria, anatsata dzenje lina lotere ku Tsumeb, m'dziko la Namibia, kumene kunali phiri lobiriwira ndi miyala ya mkuwa limene linakumbidwa mpaka kutheratu. Mu 2015 anakaima m'mphepete mwa chidzenjecho n'kuchiimbira. Phiri limene kulibe sungalijambule. Ungathe kungoima pamene linali.

Tsopano ndimve mbali ina, poti ili ndi mfundo. Alipo amene amati luso lotereli ndi laulesi, mwinanso lachinyengo. Amati chithunzi chabwino chizidziimira pachokha; ngati mpaka uwerenge kapepala ka pakhoma kuti mtima ugunde, ndiye kuti chakugunditsa mtima ndi kapepalako. Chotsani mawu pansi pa nkhalango ya Ractliffe, akutero, muone ngati sikhala nkhalango ngati ina iliyonse. Ndikuvomereza, ikhaladi ngati ina iliyonse. Ndipo nkhani yake ndi imeneyo. Chikanakhala kuti malo amene panachitika zoopsa amaoneka oopsa, bwenzi tisakufuna wotiuza. Vuto n'lakuti amaoneka bwinobwino.

Aliyense amene anayendapo pabwinja ndi munthu wachikulire akudziwa zimene ndikunena. Iwe ukuona thengo. Iye aima, aloza ndi ndodo kachitunda kosafika ndi m'bondo momwe, akuti apa panali khomo. Atokosa dothi ndi chala chaphazi, phale lituluka. Akuonetsa mtengo wosamera wokha, umene wina anachita kubzala ndi kuthirira, akutchulira dzina la wobzalayo ndi la mwana amene anagwamo n'kuthyoka mkono. Pakutha pa mphindi khumi thengo lija ladzaza anthu, ukumva mawu awo, ukuponda mosamala kuopa kudutsa pakati pa nyumba ya eni. Kodi tinene kuti bwinjalo ndi lachinyengo chifukwa linafunika wokufotokozera? Tsiku limene wachikulireyo adzatsikire kulichete, phale lidzakhalamobe m'dothi, koma lidzangokhala phale. Timawu ta pansi pa chithunzi ndi ndodo ya wachikulire uja. Waluso amene wasankha pamene aime, nthawi imene atole chithunzi, ndi dzina limene achipatse, wagwira ntchito imodzi yathunthu, ndipo sindikuona chifukwa choidulira pakati n'kumati theka ili ndi luso, theka linalo ayi.

Pamene otsutsawa ndimagwirizana nawo ndi apa: m'nyumba zambiri zoonetseramo zaluso, kapepala ka pakhoma kasiya kukhala ndodo yolozera, kasanduka mpanda. Mawu ake ndi ozungulira, ovuta dala, olembera anzawo a m'mayunivesite, moti munthu wamba amatuluka akudziona ngati mbuli pamene wolakwa ndi wolemba. Palinso aluso amene aphunzira kuti ukangotchula mawu oti "chikumbukiro" kapena "atsamunda" pafupi ndi mulu wa dothi, zitseko zimatseguka. Amenewa alipo ndithu, ndipo amaipitsa mbiri ya anzawo. Njira yowasiyanitsira si yovuta. Ukawerenga mawu n'kubwerera kuchithunzi, kodi chasintha? Kodi ukuona chinthu chimene sunachione poyamba? Ngati chithunzi chakhala chimodzimodzi ndipo mawu okha ndi amene akudzitukumula, dutsa. Koma kuyesa kumeneku kumafuna nthawi, ndipo nthawi ndi imene ambirife sitipereka. Tazolowera kukankha zithunzi ndi chala pafoni, chilichonse sekondi imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo luso la mtunduwu lili ngati nkhono: ukaligogoda mwachangu limalowa m'chigoba.

Pali gulu lina la aluso amene sajambula nthawi koma amailemba ganyu kuti igwire nawo ntchito. Mu 1970, Robert Smithson anathira miyala yakuda ndi dothi matani oposa 6,000 m'nyanja yamchere ya Great Salt Lake ku Utah, m'dziko la America, n'kupanga kamsewu kopindika ngati chigoba cha nkhono, kotalika mamita pafupifupi 460. Anakatcha Spiral Jetty. Patangopita zaka zochepa madzi anakwera n'kukamiza. Smithson mwiniwake anafa pangozi ya ndege mu 1973, ali ndi zaka 35. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu ntchito yake inkadziwika kwambiri kudzera m'zithunzi, poti inkangovuuka mwa apo ndi apo. Kuyambira mu 2002 chilala chinatsitsa madzi, miyala ija inatuluka itavala mchere woyera mbee. Madzi anapitirira kuthawa. Mu 2022 nyanjayo inatsika kuposa kale lonse chiyambire kuyeza, chifukwa cha chilala komanso chifukwa mitsinje yoidyetsa anaipatutsira kuminda ndi kumizinda. Kamsewu kamene kanamangidwa m'madzi kanatsala pouma. Smithson ankadziwa kuti chilichonse chimene munthu wamanga chimapita kokaphwasuka, ndipo ankakonda zimenezo. Koma sanadziwe kuti miyala yake idzasanduka ndodo yoyezera mmene nyanja ikuferamo. Tanthauzo limenelo analibweretsa ndi zaka, ndipo ntchito imene imalola zaka kuionjezera mawu ndimaipatsa ulemu.

Ulemuwo uli ndi malire. Aluso a ku America a nthawi imeneyo ankakonda kuona chipululu ngati pepala loyera. Michael Heizer, mu 1969 ndi 1970, anakumba ngalande ziwiri zikuluzikulu m'mphepete mwa phiri lafulati ku Nevada, n'kusuntha miyala matani 240,000, m'dera limene anthu a mtundu wa Paiute akhalamo kuyambira kalekale. Kampani ya migodi ikakumba chidzenje timati yaononga. Waluso akakumba chofanana nacho tiombe m'manja? Kwa ine ameneyu ndi Pierneef yemwe uja, kungoti wasiya burashi n'kukwera chigalimoto chokumbira. Dziko likuonedwabe ngati lopanda mwini ndi lopanda mbiri, longodikira munthu wamkulu adzalembepo dzina lake.

Ndili ndi kukayika kwina pa ntchito yotchuka ya Olafur Eliasson yotchedwa Ice Watch. Mu 2015, pa nthawi ya msonkhano waukulu wa zanyengo ku Paris, anabweretsa zibuma 12 za madzi oundana kuchokera ku Greenland, n'kuziika mozungulira ngati manambala a wotchi kuti zisungunuke anthu akuona. Anthu ankazigwira, ena kuika khutu. Cholinga ndikuchimva, ndipo n'kutheka kuti ena anakhudzidwa kwa moyo wawo wonse. Komabe kunyamula ayezi pasitima ndi pamagalimoto ozizira mtunda wonsewo n'cholinga chodandaula za kutentha kwa dziko kumandisiya ndi kachiso mumtima. Ndimakonda ntchito ina ya munthu yemweyu, yopanda phokoso. Mu 1999 anajambula mapiri a madzi oundana a ku Iceland ali m'ndege. Mu 2019 anabwerera kukajambula omwewo, n'kuika zithunzi ziwiriziwiri pafupi, mapiri 30. Kumanzere kuyera, kumanja miyala ili pamtunda. Palibe chimene anasuntha. Anangodikira zaka 20 n'kukaimanso pamene anaima.

Pali mayi mmodzi amene amandichititsa kuganiziranso mfundo yanga ija yakuti nthaka siikumbukira. Emily Kam Kngwarray, wa mtundu wa Anmatyerr pakati pa dziko la Australia, anayamba kujambula pachinsalu cha penti mu 1988 ali pafupi zaka 80, ndipo pomwalira mu 1996 anali atajambula zithunzi pafupifupi 3,000. Pafupifupi zonsezo ndi za malo amodzi, Alhalker, kwawo kwa makolo ake. Simupezamo mzere wolekanitsa thambo ndi dziko, simupezamo phiri looneka patali. Muli timadontho, mizere yolukanalukana ngati mizu ya chomera chimene dzina lake ankadziwika nalo, mitundu yosintha monga nyengo zimasinthira. Iye sankayang'ana malo ali kunja kwake ngati mlendo wokhala ndi kamera. Ankakhala pansi, chinsalu chili pansi, akujambula dziko limene iye anali mbali yake. Kwa munthu wotere, kunena kuti nthaka ilibe chikumbukiro kungamveke ngati mwano, ndipo sindikufuna kuchita mwano. Koma taonani mmene chikumbukirocho chinafikira kwa iye: kudzera m'nyimbo, m'miyambo ya amayi, m'kuyenda ndi akuluakulu amene ankamulozera chomera ndi chitsime. Dziko lake limakumbukira chifukwa anthu ake sanaleke kulilankhula, ngakhale pamene malowo anagawidwa kwa oweta ng'ombe achizungu ndipo iye yemwe ankagwira ntchito m'mafamu awo. Mukawachotsa anthuwo, kapena mukawalanda chinenero, Alhalker atsala mchenga ndi zitsamba. Choncho mayiyu sakundigonjetsa. Akundionetsa mtengo wake wa chinthu chimene ena onse aja akuyesa kutola chitatayika kale.

Wina afunsa kuti ngati nkhani ndi kukumbukira, bwanji osangomanga chipilala cha mwala n'kulembapo maina? Zipilala zili ndi malo ake, ndipo kumene kuli manda opanda chizindikiro ine ndingakhale woyamba kupempha mwala. Koma taimani tsiku lina pafupi ndi chiboliboli cha munthu wotchuka pakati pa mzinda uliwonse, mufunse anthu khumi odutsa kuti ameneyu ndani. Chinthu chosasintha diso limachizolowera, ndipo likachizolowera limaleka kuchiona. Chipilala chimatiuza kuti ntchito yokumbukira yatha, mwala watisenzera, ife tizipita. N'chifukwa chake ndimaona nzeru mu zimene Kentridge anachita ku Rome mu 2016. M'mbali mwa mtsinje wa Tiber muli chikhoma cha miyala chimene chinada ndi utsi ndi ndere za zaka zambiri. Iye sanapakepo penti ngakhale dontho. Anaphimba mbali zina ndi zikombole za zithunzi, n'kutsuka kwina konse ndi madzi amphamvu. Atachotsa zikombolezo panatsala zithunzi zakuda zoposa 80, zina zotalika mamita 10, pamtunda wa mamita 550: mafumu opambana, anthu ophedwa, othawa kwawo pabwato, mbiri ya mzindawo ya ulemu ndi ya manyazi pamzere umodzi. Zinapangidwa ndi litsiro la mzinda womwewo, ndipo aliyense ankadziwa kuti litsiro latsopano likamabwerera pamalo otsukidwa, zithunzizo zizizimirira mpaka kutha. Munthu wodutsa pamenepo ankayenera kuyang'ana lero, poti chaka chamawa nkhope ija ikhala itachepa.

Komabe ntchito yongozimirira imandisiya ndi njala. Ikatha, timabwerera pomwe tinayambira, khoma lakuda ndi anthu ochepa amene anaona. N'chifukwa chake pa zonse zimene ndatchulazi, imene ndimaibwerera kawirikawiri m'maganizo ndi ya Joseph Beuys ku Kassel, m'dziko la Germany. Mzindawu unaphwasulidwa ndi mabomba mu 1943, ndipo pomangidwanso unadzaza misewu ndi konkire. Mu 1982, pa chionetsero chachikulu cha zaluso chotchedwa documenta, chimene chimachitika kumeneko zaka zisanu zilizonse, Beuys anakhuthula miyala italiitali yakuda 7,000 pabwalo la kutsogolo kwa nyumba ya chionetserocho. Unali chimulu chachikulu, ndipo anthu ambiri a mumzindawo anakwiya nacho. Lamulo lake linali limodzi: mwala uchoka pamuluwo pokhapokha mtengo wabzalidwa penapake mumzinda, ndipo mwalawo ukaimikidwa pambali pa mtengowo. Wofuna kuti chimulu chichoke msanga, abzale. Ntchitoyo anaitcha mitengo 7,000 ya thundu, ngakhale kuti mitundu ina inalowamonso.

Taganizirani mtengo umodzi tsiku lobzala. Ndi kamtengo kowonda, koti mwana angakagwire ndi dzanja limodzi, komangirira kuchikhomo kuti mphepo isakathyole. Pambali pake pali mwala wofika cha m'chiuno, wolemera, wooneka ngati ndiwo mwini malo. Pakapita zaka khumi, thunthu layamba kupikisana ndi mwala. Pakapita makumi anayi, mwala uja uli mumthunzi, waung'ono, ngati mwana waima pafupi ndi agogo ake. Mwala sunakule ndipo sunachepe. Ntchito yake ndi kukhala chomwecho kuti ukaona mtengo udziwe kutalika kwa nthawi imene yadutsa. Ndi wotchi yopanda mivi, ndipo ili m'misewu, m'mabwalo a sukulu, pafupi ndi pokwerera basi, pamene anthu amadutsa osalipira khomo ndi osawerenga kapepala kalikonse.

Beuys sanaone mapeto ake. Anamwalira mu Januwale 1986 chimulu chisanathe. Mtengo womaliza anaubzala ndi mwana wake mu 1987, pafupi ndi woyamba uja umene bambo ake anabzala zaka zisanu m'mbuyomo. Kuyambira pamenepo mitengo ina yadwala, ina yagwa ndi mphepo, ina yadulidwa pokonza misewu, ndipo nthawi iliyonse pamafunika munthu woti azindikire kuti pali mwala umene watsala wokha, akumbe dzenje pambali pake, abzale wina ndi kumauthirira mpaka utagwira.